Mukafuna kudziwa komwe dzina lanu linachokera

Musathamangire pa intaneti. Yambani mwafunsa kuti anakutchani dzinalo ndani. Kwathu ku Dedza mwana amakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo wotcha dzina kawirikawiri sakhala mayi kapena bambo ayi, koma agogo, azakhali kapena wachibale wina amene makolo amupatsa ulemuwo. Ngati munthuyo akadali moyo, nyamulani kashuga ndi sopo, mukakhale naye pamphasa.

Pofunsa samalani. Mukati, "Mavuto amatanthauza chiyani?" akusekani, poti ndi mwana yemwe akudziwa. Nenani kuti, "Agogo, mmene ndinkabadwa pakhomo pano panali zotani?" Apo m'pamene nkhani imatuluka. Mavuto wina anabadwa m'njala ya 2002, wina mayi ake anatsala pang'ono kutsikira kulichete pochira. Ndipo mayina monga Pilirani, Limbani ndi Lekani salankhula kwa khandalo ayi, amalankhula kwa akuluakulu. Lekani wambiri anali njira yodzudzulira achibale amiseche osawatchula. Ine poitana mayina m'kalasi ndimadziwiratu kuti pakhomo pena panali mkangano mwanayu asanabadwe.

Agogo akangoti zii, musakakamize. Mayina ngati Maliro amabwera pamene ana ena anatsogola, ndipo bala lake silipola msanga. Ngakhale Lazarus Chakwera anatchedwa dzina la munthu woukitsidwa uja chifukwa abale ake awiri obadwa iye asanabadwe anamwalira ali makanda.

Mukamva nkhaniyo, onani chinenero chake. Lusungu wa ku Rumphi ndi Chifundo yemweyo, Wongani ndi Thokozani. Sipho, dzina la Chizulu, ndi Mphatso. Ku Mangochi ndi ku Nkhotakota mayina ambiri ndi a Chiarabu, anadza ndi Chisilamu: Juma likuchokera ku Lachisanu, tsiku la mapemphero, pamene Rajabu ndi Shabani ndi miyezi ya pakalendala ya Asilamu. Kutcha mwana potengera tsiku kulinso kwa Aakani a ku Ghana: Kofi, ngati Kofi Annan, ndi mnyamata wa Lachisanu, Kwame ndi wa Loweruka.

Mayina a ubatizo ndiwo oyenera kuwafufuza m'mabuku kapena pa intaneti, ndipo ambiri amene timati ndi achizungu si Achingelezi n'komwe. John, Yohane, Juan ndi Ivan onse ndi dzina limodzi la Chiheberi lonena kuti Yehova wachita chisomo. Dorothy ndi Theodore ndi Chigiriki, mphatso ya Mulungu. Choncho mtsikana wotchedwa Dorothy Mphatso anatchedwa kawiri dzina lomwelo, ndipo ndaphunzitsapo otere. Komabe funsani kuti dzinalo analitengera kwa yani. Kamuzu Banda anatenga dzina loti Hastings kwa mmishonale John Hastings, pamene loti Kamuzu linakumbutsa mankhwala a mizu amene mayi ake anamwa kuti aime.

Pomaliza yerekezani kalembedwe ka pachitupa chanu ndi ka pakhadi la ubatizo kapena la kusikelo. Mabvuto ndi Mavuto ndi dzina limodzi, kungoti loyambalo ndi kalembedwe kakale kamene ku Zambia akadakagwiritsabe ntchito. Pofufuza yesani onse awiri, koma polemba mafomu tsatirani za pachitupa, kuopa kubwezedwa ku banki chifukwa cha chilembo chimodzi.