Momwe mungafufuzire nyumba yongomangidwa kumene musanaigule

Nyumba zomangidwa kuti zigulitsidwe zachuluka m'madera amene akukula mofulumira, monga Area 49 ku Lilongwe kapena Chileka ku Blantyre. Penti watsopano ndi matailosi onyezimira zimakopa maso, koma chimene munthu amagula kwenikweni ndi malo amene nyumbayo yakhalapo pamodzi ndi ntchito imene yabisika m'kati mwa makoma, ndipo zonsezi ziyenera kufufuzidwa ndalama zisanachoke m'manja mwanu.

Yambani ndi mapepala a malo. Pemphani wogulitsa akupatseni fotokope ya title deed, chikalata cha boma chotsimikizira umwini wa malo, ndi ya chiphaso chake cha unzika, kenaka mutenge nambala ya title mupite nayo ku Land Registry ya Unduna wa za Malo, ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, malinga ndi kumene kuli nyumbayo. Kumeneko mumalemba fomu yopempha kafukufuku, mumalipira ndalama yochepa ndi kulandira lisiti ya boma, ndipo amakupatsani chikalata chosonyeza mwini malo, zaka za lizi (nthawi imene malowo abwerekedwa), zimene pa malo okhala anthu nthawi zambiri zimakhala 99, komanso ngati pali ngongole kapena chiletso chilichonse. Madobadoba amene amaima panja n'kumalonjeza kuti akufulumizitsirani musawapatse ntchito imeneyi, chifukwa pepala lobwera m'thumba mwa munthu wina simungadziwe kumene lasindikizidwa.

Apa ndi pamene ine zinandivutira, ndipo ndikufuna mumvetse bwino. Omanga ambiri amagula puloti imodzi yaikulu, amamangapo nyumba zingapo, amatchinga iliyonse ndi mpanda wake, kenaka amazigulitsa imodziimodzi. Kwa wongoona, nyumba iliyonse ili pa malo ake, koma m'kaundula wa boma malo onsewo amakhala adakali pa title imodzi. Amene anandigulitsa nyumba anandionetsa title yeniyeni, ndipo dzina lake linalipodi, koma inali ya puloti yonse, imene anali ataiikanso chikole ku banki pofuna ndalama zomangira. Tanthauzo lake linali lakuti gawo langa silikanalembedwa m'dzina langa mpaka malo atagawidwa mwalamulo komanso banki itachotsa chikole chake, ndipo akanalephera kubweza ngongoleyo, banki ikanatha kugulitsa malo onse pamodzi ndi nyumba imene ndinali nditalipira kale dipoziti. Nkhaniyi inakoka nthawi yaitali, ine ndikulipira lendi kwina.

Choncho musakhutire ndi dzina lokha. Yerekezani kukula kwa malo kumene kwalembedwa pa deed plan, mapu a malowo amene amakhala pamodzi ndi title, ndi kumene mukuona ndi maso, ndipo ngati pepala likunena malo aakulu kuposa mpanda wa nyumbayo, funsani chilolezo chogawa malo chochokera ku komiti yoona za mapulani, mapu atsopano a saveya, komanso kalata ya banki yovomereza kuti imasula gawo lanulo ikalandira ndalama. Pamene pali chikole, n'kwanzeru kuti loya wanu alipire mbali ya ndalamazo ku banki mwachindunji m'malo mopereka zonse kwa wogulitsa. Itanani saveya wanuwanu adzapeze mabikoni, zizindikiro za malire a puloti, pakuti mipanda yambiri imalowa mu msewu kapena m'malo a mnansi. Ngati wogulitsa ali ndi kalata ya amfumu yokha, dziwani kuti kalatayo si title, banki siikulandira ngati chikole, ndipo mtengo wa nyumbayo uyenera kutsika moyenerera.

Mukatsimikiza za malo, pitani ku khonsolo ya mzinda mukaone ngati pulani ya nyumbayo inavomerezedwa, ngati chomangidwacho chikufanana ndi pulaniyo, komanso ngati inapatsidwa chiphaso chololeza anthu kukhalamo. Nyumba yomangidwa pa malo a msewu kapena pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM ikhoza kugwetsedwa, ndipo wotaya ndalama ndi wogula.

Kenaka bwerani ndi injiniya kapena mmisiri amene sadziwana ndi wogulitsa. Chiyambire kukwera mtengo kwa simenti, omanga ena amachulutsa mchenga, ndipo mukakanda pulasitala ndi msomali pa malo obisika, wosakwana simenti amangoyoyoka. Gogodani matailosi kuti mumve ngati pansi pake pali mphako. Lowani m'siling'i ndi tochi muone ngati matabwa anapakidwa mankhwala a chiswe, ndipo funsani geji ya malata, pokumbukira kuti geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 32 ngakhale akapakidwa utoto amaoneka ofanana. Ming'alu yopendekeka yochokera pa ngodya za mawindo ndi zitseko ikhoza kusonyeza kuti maziko akutsika, ndipo penti wongopakidwa kumene m'munsi mwa khoma lokha nthawi zambiri amakhala akubisa chinyontho.

Ngati n'kotheka, kaoneni nyumbayo m'nyengo ya mvula, kapena funsani anthu oyandikana nayo kumene madzi amadutsa. Zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'phiri la Soche mu Malichi 2023 zinaonetsa kuopsa kwa nyumba zomangidwa motsetsereka ndi m'njira za madzi, ndipo malo a m'dambo amakhala otchipa pa chifukwa chomwecho.

Tsegulani mipope yonse, yesani masoketi, ndipo onetsetsani kuti mita ya magetsi ndi ya madzi ndi za nyumbayo osati zokoka kwa mnansi. Funsaninso pamene pali sepitiki tanki.

Mgwirizano wogulitsana ulembedwe ndi loya wanu, ndipo mulembedwe kuti gawo la ndalama lidzaperekedwa wogulitsa akakonza zolakwika zonse ndiponso mvula ikadutsa. Wogulitsa abweretse chilolezo chosinthira umwini kuchokera kwa eni lizi, kaya ndi Unduna, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation, chiphaso cha msonkho cha MRA, ndi malisiti a ground rent (lendi ya malo yopita kwa eni lizi) ndi city rates (msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo). Lipirani kudzera ku banki, sungani ndalama ya stamp duty (msonkho wa boma posintha umwini) ndi ya loya, ndipo title ikatuluka m'dzina lanu musinthenso maina pa mamita onse awiri.