Momwe mungakonzere pikapu kuti isamathere mafuta polimbana ndi mphepo m'misewu ya kuchigwa

Kuchokera pa Thabwa, kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge, kudutsa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, msewu wa M1 ulibe zitunda zoti n'kudandaula nazo. Pamsewu wotere, pikapu ikafika liwiro la makilomita 80 pa ola, gawo lalikulu la mafuta limathera pokankha mphepo. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphepo imakubwezani kanayi. Kungochoka pa 80 kufika pa 100, mphamvu yake imakwera ndi 56 pa 100 iliyonse. Onjezanipo mwera wa mu Juni mpaka Ogasiti, womwe umawomba kuchokera kumwera chakum'mawa: wopita ku Nsanje pa 80 akakumana ndi mwera wa makilomita 20 pa ola, galimoto yake imamva ngati ikuthamanga 100.

Dziwiranitu kuti zonse zili m'munsimu zimathandiza patala pokha. Pokwera chitunda cha ku Blantyre pa giya yachiwiri, kapena m'misewu yafumbi ya kutsidya kwa Shire komwe simupitirira 30, chimene chimadya mafuta ndi kulemera.

Yambani ndi kuyeza

Dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha, lembani makilomita omwe akuoneka pa mita, yendani ulendo wanu wamasiku onse, kenaka dzazaninso pa pampu yomweyo, galimoto itaima malo omwewo. Gawani makilomita ndi malita. Mwachitsanzo, makilomita 450 pa malita 50 ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 9. Chitani zimenezi katatu, popita ndi pobwera pomwe, chifukwa ulendo wambali imodzi umanamiza: mphepo imene inakutsekerezani popita ndi yomweyo ikukankheni pobwera. Mukayamba kukonza, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.

Chotsani musanawonjezere

Apa ndiye pali phindu lalikulu, ndipo simulipira kanthu. Keriyala ya padenga, zitsulo zazitali za m'mbali zonyamulira ng'ombe ndi mbuzi za ku msika wa Ngabu, nyali zowonjezera pamwamba, tayala la sipeya loimika kuseri kwa kabu mutu wake uli pamwamba pa denga: chilichonse mwa izi chimakola mphepo. Ngati zitsulo za m'mbalizo anaziwotcherera ku bodi, pitani nazo kwa owotcherera azidule n'kuikapo timapaipi tolowetsamo miyendo yake ndi mabawuti a mamilimita 10, kuti muzizikweza tsiku la msika lokha.

Matayala aakulu a zidindo zikuluzikulu ndi kukweza galimoto m'mwamba zimaonjezanso mafuta. Koma kwa amene amalowa m'midzi nthawi ya dzinja, matayala otere ndi ofunika, ndiye aliyense aone yekha kumene amayenda.

Chitseko chakumbuyo chikhale chotseka

Madalaivala ambiri amakhulupirira kuti kugwetsa kapena kuchotsa chitseko chakumbuyo kumapatsa mphepo njira. Si choncho. Chitsekocho chikakhala chotseka, mphepo ina imatsekeredwa m'bodimo n'kumazungulira momwemo, ndipo mphepo yochokera padenga imadutsa pamwamba pake osagunda pansi. Mukachigwetsa, mphepo imagwera m'bodi n'kuvundukira kumbuyo kwa galimoto. Komanso chitsekocho ndi chimene chimagwirizitsa mbali ziwiri za bodi. M'mabampu, bodi yopanda chitseko siichedwa kung'aluka m'makona.

Vundikirani bodi

Chivundikiro chosavuta ndi cha pulayiwudi ya mamilimita 9 kapena 12. Pepala limodzi limakhala mamita 2.44 m'litali ndi 1.22 m'lifupi. Bodi ya pikapu ngati Toyota Hilux kapena Isuzu ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka m'lifupi, choncho ligonekeni chopingasa, mulidule molingana ndi m'lifupi mwa bodi yanu mutayeza nokha. Likhale kumbuyo, kuyambira pachitseko kupita kutsogolo. Mbali yakumbuyoyi ndi imene imathandiza kwambiri, ndipo mpata wotsala kuseri kwa kabu mungathe kuikamo zigubu.

Pansi pake mangiriranipo timatabwa tiwiri topingasa kuti lisapindike. Bowolani malo anayi, ikani mabawuti a mamilimita 8 okhala ndi mawashala aakulu, ndipo pakati pa thabwa ndi chitsulo cha bodi yalanipo chubu chakale cha tayala kuti pasamalire phokoso ndi kusupula penti. Musadalire misomali kapena malegeni okha: mphepo imakokera chivundikirocho m'mwamba, ndipo chikazuka pa 80 chimakagwera wa kabaza amene ali kumbuyo kwanu. Pentani mbali zonse ziwiri, makamaka m'mphepete momwe munadula, ndi penti ya mafuta yoyera. Dzuwa la kuno ndi mvula yoyamba zimasendeza pulayiwudi yosapenta nyengo imodzi yokha.

Lona nayonso imagwira ntchito, koma ikhale yokoka kwambiri pa timapaipi topingasa totalikirana masentimita 40 kapena 50. Lona yomwe ikukupiza ndi kufufuma imaipitsa zinthu kuposa bodi yosavundikira.

Denga lotsetsereka, kwa oyenda maulendo ataliatali

Amene amathamanga Nsanje ndi Blantyre kangapo pa sabata angapindule ndi denga loyambira pamwamba pa kabu n'kumatsika pang'onopang'ono chakumbuyo. Chinsinsi chake chagona pa katsikidwe. Lizitsika masentimita 20 pa mita iliyonse, omwe ndi madigiri pafupifupi 11. Likatsetsereka kupitirira madigiri 15, mphepo imaleka kulitsatira, imayamba kuvunduka, ndipo ndalama zanu zapita pachabe.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, pofuna kuti dengalo likathere pachitseko penipeni. Pa pikapu ya kabu imodzi, yomwe bodi yake imapitirira mamita awiri, zimatheka ndithu chifukwa limatsika masentimita oposa 40. Pa ya makabu awiri, bodi yake ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndiye litsike masentimita 30 okha, mpata wotsala pamwamba pa chitseko muutseke ndi thabwa loima chilili. Mutu wa dengalo ukhale wofanana ndi denga la kabu kapena kutsikirapo sentimita imodzi, usatulukire pamwamba. Siyani mpata wa masentimita awiri kapena atatu pakati pa kabu ndi dengalo, chifukwa kabu ndi bodi zimagwedezeka mosiyana ndipo zikagundana galasi lakumbuyo limasweka.

Felemu ikhale ya timapaipi ta makona anayi ta mamilimita 20, yokutira ndi malata opyapyala osalala kapena pulayiwudi ya mamilimita 4. Munthu mmodzi kapena awiri azitha kulinyamula. Likalemera kwambiri, zimene mwapulumutsa kuchigwa mukazibweza pachitunda. Musaphimbe nambala, nyali kapena zonyezimira zakumbuyo, kuopa kukavutika popangitsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Anthu kapena ziweto asakwere pansi pa chivundikiro chotseka, chifukwa cha kutentha ndi utsi wa ekizozi womwe umakokedwera m'bodi.

Kuti muone ngati mwalondola, matani ndi tepi timaulusi tolukira majuzi ta masentimita 10 pamwamba pa dengalo, ndipo mnzanu akutsatireni pa galimoto ina akuyang'ana. Ulusi wogona chakumbuyo ukusonyeza kuti mphepo ikutsatira bwino. Wozungulira kapena woloza kutsogolo ukuti pamenepo patsetsereka kwambiri.

Kapakiridwe ka katundu

Matumba a chimanga kapena mapira ayambire kuseri kwa kabu, mulu wake uzitsika chakumbuyo, osapitirira denga kapena kutulukira m'mbali. Thonje ndi lovuta chifukwa ndi lopepuka koma lotupa; ngati lakwera kuposa denga, likutireni ndi lona kuyambira kutsogolo kuti mphepo isalowe pansi pake, ndipo tsitsani liwiro.

Zimene simuyenera kutengera

Kumaiko ozizira ena amatseka mbali ina ya maenje a kutsogolo olowera mphepo ya ku radiyeta. Kuno, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, kutero n'kupha injini, makamaka pachitunda cha Thabwa mutasenza katundu. Chimodzimodzinso kutseka kunsi konse kwa galimoto: kumasunga kutentha, matope ndi udzu wouma womwe ungayake ukakhudza ekizozi.

Mpira wolendewera pansi pa bampala yakutsogolo umathandiza kupatutsa mphepo kuti isagunde zitsulo za kunsi. Ngati mukuufuna, dulani lamba wakale wa mphira masentimita 8 kapena 10 m'lifupi, usatsike kupitirira chitsulo chotsikitsitsa cha galimotoyo, ndipo muumange ndi mabawuti kuti muzitha kuuchotsa madzi akayamba kusefukira.

Matayala apimeni m'mawa musananyamuke, motsatira manambala olembedwa pa kapepala ka pakhomo la dalaivala. Masana tala ikatentha, mpweya umakwera wokha. Musauphwetse, chifukwa akazizira adzakhala osakwanira. Mabawuti onse a chivundikiro ndi denga muwakungenso mukatha ulendo woyamba, kenaka mwezi uliwonse.