Tirigu wamthirira: sabata yachitatu musaiphonye

Alimi anzanga a ku Tsangano, Neno ndi kumapiri a Dedza, ambirinu munazolowera kufesa tirigu mvula ikamatha n'kudalira chinyezi chotsalira m'nthaka. Amene mwayamba kuthirira, fesani pakati pa Epulo ndi Meyi kuti mbewu ikule nyengo yozizira. Mukachedwa, kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala kumapeza njere zisanakhwime ndipo zimanyala.

Chimene chimandipweteka ndikamayendera minda ndi kuona thumba la yureya, logulidwa ndi ndalama za thukuta, litawazidwa pa nthaka youma gwa. Yureya ali ndi nayitrojeni (chakudya chobiriwitsa mbewu) wochuluka, magawo 46 pa 100 aliwonse, koma akakhala pamtunda padzuwa wambiri amauluka ngati mpweya. Mukathira madzi osefukira, amakokoloka kapena kulowa pansi pomwe mizu siifika. Choncho wazani masamba atauma mame, kenako thirirani pang'onopang'ono, madzi ongokwanira kumusungunula ndi kumulowetsa.

Feteleza wokulitsa wa NPK alowe tsiku lofesa, chifukwa fosifolasi, chakudya cha mbewu chomwe chili m'fetelezayu, sayenda m'nthaka, amafunika akhale pafupi ndi mizu. Wobereketsa, yemwe ndi yureya uja, dikirani pafupifupi masiku 21 chifesereni. Apa ndiye pagona nkhani. Nthawi imeneyi tirigu amatulutsa mizu yake yeniyeni pansi pa tsinde n'kuyamba kuphuka ana, ndipo mwana aliyense wamphamvu ndi ngala yamawa. Munda ukamva ludzu sabata imeneyi, ana amachepa, ndipo ngakhale mudzathire madzi ndi feteleza wochuluka bwanji pambuyo pake, ngala zomwe sizinabadwe sizibweranso. Ngati madzi pa sikimu yanu ndi olandirana, pemphani kuti tsiku lanu ligwere pamenepa.

Pa dothi lamchenga gawani yureya pawiri: theka pa masabata atatu, lotsalalo tsinde likayamba kutulutsa mfundo. Musapyole muyeso womwe mlangizi wa kwanu wakupatsani. Tirigu wokhuta nayitrojeni amabiriwira mosangalatsa maso, koma mapesi amafewa, matenda a dzimbiri amamukonda, ndipo mukathirira tsiku la mphepo amagona pansi ngala zili zolemera.

Madzi asasowenso pamene ngala zikutuluka ndi kuchita maluwa, komanso njere zikamachita mkaka. Tengani njere muifinye ndi zala. Ikatuluka zoyera zamadzimadzi, pitirizani kuthirira. Ikalimba moti chikhadabo chikungosiya kachidindo, masamba ndi mapesi atayamba chikasu, tsekani ngalande ndipo ikani mtima pa kuingitsa mbalame.