P0420 Yatuluka: Musathamangire Kugula Catalytic Converter

Nyale ya check engine ikayaka, sikana (kachipangizo kowerengera makhodi a mavuto pa kompyuta ya galimoto) n'kuonetsa P0420, ambiri amangoti, "Bwana, konveta yatha, gulani ina." Konveta ndi chipangizo cha pa ekizozi chimene chimachepetsa poizoni wa mu utsi. Mwina yathadi, koma khodi imeneyi sinena choncho. Kompyuta ya galimoto siona m'kati mwa konveta. Imangoyerekeza masensa awiri a oksijeni, yakutsogolo kwa konveta ndi yakumbuyo, ndipo ikaona kuti yakumbuyo yayamba kutengera mayendedwe a inzake, imayatsa nyale. Pa injini ya V6, vuto lomwelo likakhala mbali yachiwiri limatuluka ngati P0430.

Ine ndimayamba ndi kuwerenga makhodi onse, ndipo sindifufuta kalikonse ndisanalembe zimene freeze frame yasunga, ndiko kuti mmene injini imagwirira ntchito pa nthawi imene khodi inatuluka. Mukapeza P0300 mpaka P0304, ndiye kuti injini ikuphonya. Konzani mapulagi, makoyilo kapena ma injekita kaye. P0171 ndi P0172 akunena za kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo, nawonso akhale oyamba. Onaninso fuel trim, kuchuluka kwa petulo amene kompyuta ikuonjezera kapena kuchepetsa: ikapitirira 10 peresenti, kukwera kapena kutsika, pali chifukwa chofunika kuchisaka. Nyale ikamaphethira m'malo moyaka chiyakire, imitsani galimoto, chifukwa petulo wosapsa akukapsera m'konveta ndipo angathe kusungunula zam'kati.

Kenako lowani pansi. Ndi mahampu ndi maenje a m'misewu yathu, Vitz kapena Sienta imakhula mimba pafupipafupi, ndipo kamng'alu kakang'ono pa ekizozi pafupi ndi sensa yakumbuyo kamayamwa mpweya wakunja n'kuinamiza. Fufuzani mwaye wakuda pa majointi ndi pa gasketi, mumvetsere kulira kwa tchi-tchi-tchi injini ikadali yozizira. Gogodani konveta pang'onopang'ono ndi hamala ya labala. Ikamachita phokoso la timiyala, cham'kati chake, chooneka ngati chisa cha njuchi, chasweka. Ikamamveka ngati chitini chopanda kanthu, wina anaikolowola kale, poti muli platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo zimene zili ndi ogula. Pa galimoto yogula kwa munthu, ichi musachilumphe.

Tsopano ntchito yeniyeni. Tenthetsani injini bwinobwino, makamaka poyendetsa galimoto, chifukwa konveta siyamba kugwira ntchito isanafike madigiri pafupifupi 300 a Celsius. Ikani sikana pa live data, pamene imaonetsa zimene masensa akuwerenga nthawi yomweyo, gwirani injini pa 2,500 rpm, muyang'ane mizere ya masensa onse awiri. Yakutsogolo ya mtundu wakale imakwera n'kutsika msangamsanga pakati pa 0.1 ndi 0.9 volts. Yakumbuyo iyenera kudekha, chapakati pa 0.6 ndi 0.8. Ikamakwera n'kutsika ngati yakutsogolo, konveta sikusunganso oksijeni, ndipo khodi yanena zoona. Eni ma Toyota chenjerani: zambiri zili ndi sensa ya air-fuel kutsogolo, imene imakhala chapafupi ndi 3.3 volts osasunthasuntha. Si yakufa, ndi mmene inapangidwira, ndipo masensa abwinobwino ambiri atayidwa chifukwa cha ichi.

Yesaninso sensa yakumbuyo payokha. Pondani mafuta mwamphamvu kamodzi, ikwere kupitirira 0.8, siyani mwadzidzidzi, igwe kufika chapa 0.1. Ikangoima malo amodzi, onani mawaya ake ndi pulagi musanaiweruze. Komabe sensa yaulesi kawirikawiri imabisa vuto la konveta, siiliyambitsa, choncho kusintha sensa mwachisawawa n'kutaya ndalama.

Ena amakonda kupima kutentha ndi mfuti ya infrared, kuti potulukira patenthe kuposa polowera. Ine sindiidalira kwenikweni. Makonveta abwino ena saonetsa kusiyana koonekeratu.

Zonse zikaloza konveta, funsani chimene chinaipha, apo ayi yatsopano idzafa imfa yomweyo. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa, ndipo phosphorus wa mu oyilo amamata chisa chija. Madzi akamachepa m'radiyeta popanda podontha, kayikirani head gasket. Injekita yodontha nayo imapha. Pogula, dziwani kuti makonveta otchipa amakhala ndi zitsulo zochepa, ndipo khodi imatha kubwerera patangopita miyezi.

Mukakonza, fufutani khodi, muyendetse galimoto maulendo angapo pa msewu wautali injini itatentha. Kenako tsegulani readiness monitors pa sikana, pamene pamaoneka mayeso amene kompyuta yamaliza: mpaka mzere wa catalyst utaonetsa kuti mayeso a konveta atha, kuzima kwa nyale sikunatsimikize kanthu.