Kusoka madiresi a masitayilo akale: musadalire nambala ya pa envelopu

Nyengo ya maukwati ndi madansi a ana a matric (kalasi yomaliza ya sekondale) ikayandikira muno mu Johannesburg, atelala timalandira makasitomala atanyamula kaenvelopu ka patani ya diresi ya m'ma 1950. Ndi ija yothina m'chiuno, siketi yake yotambalala, imene Christian Dior anaitchukitsa mu 1947. Makampani monga Butterick, Vogue ndi Simplicity amasindikizanso mapatani akalewa. Ntchitoyi ili ndi ndalama, koma siifuna phuma.

Nambala ya sayizi isakupusitseni. Ya pa patani siigwirizana ndi ya zovala za m'sitolo. Kasitomala akabweretsa patani yakale yeniyeni, yomwe ankasunga agogo ake, kusiyana kwake kumakula: kumayambiriro kwa ma 1950 sayizi 14 inali mainchesi 32 pachifuwa, pomwe pa mapatani a lero ndi 36. Tengani tepi, muyezeni pachifuwa, m'chiuno, m'matako ndi kutalika kwa msana, kenako musankhe sayizi potsata miyeso yolembedwa kuseri kwa envelopu.

Amayi a nthawi imeneyo ankavala zomanga mimba mkati, ndipo mabra awo ankakweza mabere. N'chifukwa chake madati (timisoko topinda nsalu kuti igwire bwino pachifuwa) a madiresiwa amakhala m'mwamba, chiuno n'kuchepa. Jambulani patani pa pepala lolimba, poti lake lija ndi lopyapyala, silichedwa kung'ambika. Mukatero sokani kaye gawo lakumtunda pa kaliko, mumuyese kasitomala atavala bra yomwe adzavale tsikulo. Dati ithere masentimita 2 isanafike pansonga ya bere, apo ayi pamatukuka kanthu kosongoka. Mumuuze akhale pampando, akwezenso manja, muone pomwe pakukoka. Ena amati kaliko n'kutaya nthawi. Ine ndimati mtengo wa kaliko sungafanane ndi wa nsalu ya mkwati.

Ife tinazolowera kulemba ndi choko n'kusiya tokha malo a msoko. Mapatani a makampaniwa anasiya kale masentimita 1.5, ndiye mukawonjezeranso diresi ituluka yokhwepa.

Musanapite kokagula nsalu kumasitolo a ku Oriental Plaza ku Fordsburg, onani kuti envelopu yawerengera nsalu yotambalala bwanji. Nthawi zambiri imanena ya masentimita 115 kapena 150. Shweshwe, nsalu ya thonje yosindikizidwa ya kuno ku South Africa, ndi ya masentimita 90 okha, choncho mamita olembedwawo sangakukwaneni, gulani yochulukirapo. Ichapeni musanadule, chifukwa imabwera youma gwa ndi sitachi ndipo imafupika ikalowa m'madzi. Chitenje nacho chimakhala bwino, koma siketi yozungulira imatembenuza maluwa. Yalani zidutswa zonse pansalu musanagwire sizasi, kuopa kuti mbalame zina zojambulidwa pansalupo zingaime chadodolido kutsogolo kwenikweni.

Siketi yoteroyo musaipinde tsiku lomwe mwaisoka. Ikolekeni usiku umodzi kapena uwiri, chifukwa mbali zodulidwa mopingasa zimatamuka n'kulendewera. Pokonza mpendero, kasitomala avale nsapato zake za tsikulo ndi pitikoti, inu muyeze ndi rula kuchokera pansi, kuzungulira siketi yonse. Zipi ya madiresi ambiri akale imakhala m'mbali, kumanzere, choncho funsani ngati mwini wake angakonde yakumsana musanadule.

Kaliko, pitikoti ndi maulendo oyesa ziwerengereni pamtengo, ndipo mumuuziretu kasitomala tsiku lomwe akusiya dipoziti.