Zoyenera kuchita maganizo ofuna kudzipha akakufikirani

Ngongole yakatapila yakula, mpunga sunachite bwino kudambo, kapena banja lagwedezeka, ndipo mumtima mwayamba kumveka mawu oti "bola ndingofa". Maganizo otere amafikira anthu ambiri kuno ku Nkhotakota, opemphera ndi osapemphera omwe, ndipo si misala ayi. Amauka mwamphamvu ngati mwera panyanja, koma pakapita maola amatsika. Chofunika n'kudutsa maola amenewo muli moyo.

Choyamba, tulukani m'chipindamo. Pitani pamene pali anthu, kaya pakhonde la aneba kaya kwa achimwene anu, ngakhale pakati pa usiku. Simukakamizidwa kufotokoza zonse. Kungoti "sindili bwino, ndikhale nawo pano" n'kokwanira poyambira.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimapulumutsa ambiri, chotsani pafupi chilichonse chimene mungadzivulaze nacho. M'nyumba zathu zambiri mumakhala mankhwala othira m'chimanga ndi opopera mbewu, ali pakona kuseri kwa matumba. Apatseni munthu wina akawatsekere kwake, pamodzi ndi mapiritsi. Mowa ndi chamba zisiyeni, chifukwa zimachotsa mantha n'kumufulumizitsa munthu kuchita zomwe m'mawa sakanachita.

Kenako uzani munthu mmodzi yemwe mumamukhulupirira, mosazungulira: "Ndikuganiza zodzipha." Akhoza kukhala abusa, ashehe, ankhoswe, mlangizi wa zaumoyo kapena mnzanu wa m'boti. Abambo, apa m'pomwe timagwera. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, komabe malipoti a polisi amaonetsa kuti ambiri odzipha m'Malawi muno ndi amuna. Woyambayo akakusekani kapena kungoti "limbani mtima", musagwe ulesi, pitani kwa wina.

Kukacha, kapena usiku womwewo ngati zavuta, pitani kuchipatala. Chipatala cha boma cha Nkhotakota, cha St Anne's, ngakhale chaching'ono cha kwanuko, yambirani pomwe pali pafupi. Auzeni adokotala mawu omwewo, musangoti mutu ukuwawa. Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa ali ndi mankhwala ndi uphungu, ndipo pakafunika amatumiza kuchipatala cha matenda a maganizo cha St John of God ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Ana ndi achinyamata akhoza kuimba foni kwaulere pa nambala yothandizira ana ya 116. Ngati gwero lake ndi nkhanza za m'banja, kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit.

Nanga ngati wovutikayo ndi m'bale wanu? Mukamumva akuti "ndatopa nawo moyo", kapena wayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika anthu mosadziwika bwino, mufunseni maso ndi maso ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa nzeru yoipa. Mvetserani, osamulalikira za tchimo, osamuwerengera ana ake ngati mlandu. Musalonjeze kusunga chinsinsi, ndipo musamusiye yekha mpaka mutafika naye kuchipatala. Ngati wamwa kale china chake, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Pezani kabaza wa njinga yamoto kapena galimoto msanga, ndipo tengani botolo kapena paketi yake kuti achipatala aone.

Inu amene maganizowa amakufikirani, zikakhazikika, lembani papepala mayina a anthu atatu ndi manambala awo, mulisunge pomwe mungalipeze mumdima. Za ngongolezo mukakambirane masana, mutakhala pansi ndi wachibale wokuperekezani kwa mwini ndalama.