Mwana akamati "dula" pofuna kunena "gula"

Mwana wanga wachiwiri anafika zaka 4 ndi theka akunenabe "tutulu" m'malo mwa "sukulu". Nkhuku inali "ntutu", galu anali "dalu". Tsiku lina anauza anzake kuti akukatamba, akutanthauza kukasamba. Anamuseka mpaka analowa m'nyumba n'kukhala chete tsiku lonse. Apa m'pamene ndinasiya kumvera zoti adzasintha yekha akakula.

Makolo anzanga, yambani ndi kumvetsera musanakonze kalikonse. Tengani kope, kwa mlungu umodzi muzilemba mawu monga mmene akutulukira m'kamwa mwake. Mudzaona kuti salakwitsa mwachisawawa. Wanga, "k" aliyense ankasanduka "t", "g" n'kukhala "d": mawu opangidwira kummero ankawakokera kutsogolo, kuseri kwa mano. Ana ambiri amatero ali aang'ono, n'kusiya akamayandikira zaka 4. Za "l" ndi "r" musavutike nazo, m'Chichewa sizisintha tanthauzo. Komanso izi si chibwibwi, chibwibwi ndi vuto lina.

Kenako makutu. Mwana amene khutu linkatuluka mafinya kawirikawiri akhoza kumamva mawu mwachimbuuzi, ndiye angatchule bwanji chimene sachimva bwino? Amayeza makutu ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komanso ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Ndipo chonde, musalole munthu wosakhala dokotala kudula pansi pa lilime la mwana ati poti ndi lolemera.

Kunyumba sankhani liwu limodzi basi. Ife tinayamba ndi "k". Madzulo ndikatereka madzi a nsima, tinkakhala pamkeka ndi kagalasi koyang'anira nkhope. Ndinkayasamula kwambiri kuti aone nsonga ya lilime langa ili pansi, kuseri kwa mano, kwinaku mawu akuchokera kummero ngati munthu akutsokomola pang'ono. Ndinkagwiritsa dzanja lake pakhosi panga. Milungu iwiri yathunthu panalibe chinatuluka. Kenako tsiku lina ali chagada, mutu uli pamiyendo yanga, "k" anatuluka, iye yekha n'kudabwa.

Mukapeza liwulo musathamangire mawu ataliatali. Yambani ka, ke, ki, ko, ku. Kenako kapu, keke, kuno. Ziganizo zibwere pomaliza. Chimene chinatithandiza kwambiri ndi mawu apawiri: gula ndi dula, kula ndi tula, kola ndi tola. Ndinkasewera ngati wogulitsa tomato. Akati "ndidule", ndinkayerekeza kudula tomatoyo ndi chala, iye n'kuona yekha kuti liwu limodzi lasintha nkhani yonse.

Mphindi 10 zakwana, akatopa siyani. Nthawi zina zonse musamuuze kuti walakwa. Akati "dalu wabwera", muyankheni kuti, "Eya, galu wabweradi." Agogo ake ndinachita kuwapempha mwaulemu kuti asamamutsanzire, ngakhale ankatero pomukonda.

Panopa ali Sitandade 2. "K" ndi "g" anakhazikika, tikulimbana ndi "s", poti nsima akuitchabe "ntima" akathamanga kuyankhula.